Madzi Saiwala Khwawa: Nanga Khwawa Lake Liti?

Mwambi wakuti madzi saiwala khwawa timaukonda chifukwa umapatsa wounena mpata wooneka ngati ankadziwa kale. Mwamuna akabwerera kwa mkazi amene anamusiya kalekale, amayi pamjigo amayang'anizana n'kuutchula. Mtchona akatulukira kuchokera ku Joni, imvi zili mbuu, chikwama chili chimodzi, atsibweni ake amautchula. Munthu amene analapa mowa pamaso pa mpingo akaonekanso pakachasu, ngakhale ana amaudziwa mwambi woyenera. Ndi mawu atatu okha, ndipo akanenedwa nkhani imatha, aliyense n'kunyamula chidebe chake. Koma m'mbali mwa nyanja ku Salima mawu amenewa sakhala fanizo. Kumeneko madzi ndi madzi enieni, onyowetsa ufa ndi kugwetsa chipupa, ndipo khwawa ndi malo amene wina anagula, kumangapo, n'kulembetsa dzina lake.

Amene anafika ku Senga Bay m'miyezi ya Epulo ndi Meyi chaka cha 2024 anaona mwambiwu ukuyenda ndi miyendo. Mchenga umene anthu a ku Lilongwe amadzadzapo pa Khirisimasi ndi pa Tsiku la Anakubala unali pansi pa madzi. Mitengo ya mthunzi inaima m'nyanja mpaka m'chiuno. Mipanda ya njerwa inagwa chagada, mafunde n'kumalowa pakhomo la malo ogona alendo osagogoda. Amayi oyanika usipa anazula mathandala awo n'kuwakokera kumtunda, mawa lake n'kuwazulanso. Nyanja inali itadutsa mamita 476 pamwamba pa mulingo wa nyanja zamchere, msinkhu umene achinyamata ambiri anali asanauonepo. Okalamba a kwa Maganga sanadabwe. Iwo anaona madzi a 1979 ndi 1980, pamene nyanja inafika pafupifupi mamita 477, ndipo ankatha kuloza ndi ndodo pamene mafunde ankathera nthawi imeneyo. Apa mwambi tiupatse ulemu wake: unanena zoona, ndipo unanena kale.

Ngakhale boma linaulemba mwambiwu m'chinenero chake. Ndondomeko ya dziko yoyendetsera za madzi ya 2005 imaletsa kulima ndi kumanga pansi pa mzere wa mamita 477 m'mbali mwa Nyanja ya Malawi. Koma pakati pa 1980 ndi 2024 pali zaka 44, ndipo m'zaka zimenezo mwana amabadwa, kukula, kukwatira, n'kukhala ndi zidzukulu. Chilala cha m'ma 1990 chinabweza nyanja m'mbuyo, kotero kuti pofika 1997 inatsika kufika cha m'mamita 473. Gombe linatambasuka, loyera ndi lokopa. Pamene panali madzi panamera udzu, pamene panamera udzu panakhomedwa zikhomo, ndipo pamene panakhomedwa zikhomo panabwera simenti. Ine ndikamayenda pamiyala ikuluikulu ya kumapeto kwa gombe la Senga Bay, maso anga amakodwa ndi mizere yopingasa imene madzi anasiya pamiyalapo, wina pamwamba pa unzake. Nyanja inalemba yokha mbiri yake poyera, pamalo amene aliyense wodzasambira amadutsa. Owerenga ndi amene anasowa, mpaka mtsinje wa Tinkanena unakathera mu Siizi.

Komabe mizere yomweyo ndi imene imayamba kuugwedeza mwambiwu. Ngati madzi saiwala khwawa, khwawa lake ndi liti pa mizere yonseyi? Pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja inatsika kwambiri moti mtsinje wa Shire unaleka kutulutsa madzi. Pakamwa pake panatsekeka ndi mchenga ndi bango, ndipo anthu analima minda pamalo pamene lero pamayenda mabwato ku Malombe. Akatswiri amene anaboola pansi pa nyanja m'chaka cha 2005 anapeza m'matope umboni wakuti zaka zoposa 100,000 zapitazo madzi anaphwa ndi mamita mazanamazana. Nthawi imeneyo Namalenje, kachilumba ka ng'azi kamene timakaona titaima pa Senga Bay, kanali kaphiri ka pamtunda, ndipo ku Maleri, Nankoma ndi Nakantenga nyama zinkapita pansi. Choncho nyanja ikamakwera ikukumbukira, ikamaphwa ikukumbukiranso. Mwambi umalankhula ngati kwawo kwa madzi n'kumodzi. Nyanja ili ndi makwawo ambiri, ndipo gombe limene m'badwo uliwonse umalitcha lenileni ndi limene unalipeza pobadwa basi.

Ndiponso khwawa lenilenilo silinakhazikike. Wochokera ku Lilongwe pamsewu wa M14 amatsetsereka mapiri a Dowa, makutu n'kumatseka, kutentha n'kumakwera, mpaka kufika pachidikha cha milambe ndi migwalangwa. Chitsetserekocho ndi mlomo wa mng'alu waukulu wa dziko, umene nyanja yonseyi inagonamo, ndipo mng'aluwo ukanali kukula. A ku Salima anakumbutsidwa zimenezi pa 10 Malichi 1989, pamene chivomezi chinagwetsa nyumba, kupha anthu, ndi kusiya zikwizikwi akugona panja. Mwambi umaganiza kuti choyenda ndi madzi, chokhala ndi nthaka. M'chigwa muno zonse ziwiri zili paulendo, kungoti ina imathamanga, ina imakwawa.

Kenaka pali dzanja la munthu. Kuyambira 1965, pa Liwonde pali zitseko za Kamuzu Barrage, zimene zimachepetsa kapena kuonjezera madzi otuluka kudzera mu Shire, kuti makina a magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira asaime. M'zaka za 2016 ndi 2017 nyanja inali pansi, magetsi ankazima usana ndi usiku, zigayo zinkagona, ndipo doko la Chipoka, limene njanji inalipeza m'ma 1930, linkalephera kulandira sitima zikuluzikulu. Dziko lonse linkapempherera madzi. Patangopita zaka zosakwana 10 madziwo anabwera, ndipo eni malo a m'mbali mwa nyanja anayamba kupempha kuti zitseko za pa Liwonde zitsekulidwe kwambiri. Walira mvula walira matope. Koma madzi otsekulidwa pa Liwonde sasowa m'malere. Amakafika ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kwa anthu amene namondwe wa Freddy anali atangowasiya padzuwa mu 2023. Komanso Shire amatenga gawo lochepa chabe la madzi amene nyanja imataya pachaka. Ochuluka amauluka ndi dzuwa ndi mphepo, kumene kulibe chitseko choti munthu n'kutsekula. Mwambi sunena kanthu za zimenezi. Sutiuza kuti khwawa limodzi limadutsa pamakomo ambiri, ndiponso kuti mpumulo wa wakumtunda ukhoza kukhala maliro a wakumunsi.

Mwambi umanenanso ngati madzi obwerera ndi omwe aja anachoka. Imani pamlatho wa Linthipe mwezi wa Januwale muone mtundu wa madziwo. Ndi ofiira, olemera, onyamula minda. Linthipe amasonkhanitsa madzi a ku mapiri a Dedza, amalandira Diamphwe, amalandiranso mtsinje wa Lilongwe umene umachokera ku Dzalanyama n'kudutsa pakati pa likulu, kenaka amakathira zonsezo m'nyanja ku Salima. Thumba lililonse la makala loimikidwa m'mbali mwa msewu ndi mtengo umene unaleka kugwira nthaka kwinakwake kumtunda, ndipo nthakayo njira yake ndi yomweyi. Matopewo amayandama kukafika kuzilumba za Maleri, zimene zili m'gulu la malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, paki imene inakhazikitsidwa mu 1980, bungwe la UNESCO n'kuiika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984. Mbuna, tinsomba tamawangamawanga timene alendo amaolokera nyanja zamchere kudzationa, timadya ndere za pamiyala. Matope akakuta miyalayo, kuwala kumachepa, ndere zimafa, ndipo mbuna zilibe kwina kothawira chifukwa mtundu uliwonse umakakamira miyala yake. Inde, madzi saiwala khwawa. Saiwalanso zimene tinawasenzetsa panjira: dothi la m'munda, majumbo a mumsika, zonyansa za m'ngalande za m'tauni. Ndipo tsopano pali ntchito yoika mapaipi otalika makilomita pafupifupi 120 kuti madzi a nyanja akwezedwe kuchoka ku Salima kupita ku Lilongwe. Makina adzakankha madzi kukwera phiri limene anatsika okha, ndipo mzinda udzamwa kuchokera komwe wakhala ukutayira.

Palinso funso lakuti chimachitika n'chiyani madzi akabwerera n'kupeza khwawa lawo latsekedwa. Kale gombe la Salima silinali mchenga wokhawokha. Munali bango ndi gumbwa, munali madambo ngati la Mpatsanjoka kumene mvuu zimabisala masana, munali timaiwe timene tinkadzaza dzinja n'kuphwa m'chilimwe. Dambo linali chipinda cha alendo cha nyanja: madzi akachuluka ankagona m'menemo, akachepa n'kutsanzika popanda kuswa kanthu. Bango linkathyola mphamvu ya mafunde a mwera, mphepo ya kumwera ija imene imawomba m'miyezi yozizira, ndipo m'mizu yake ana a chambo ankabisalamo. Ife tinalitchetcha kuti alendo aone nyanja bwino ali pakhonde. Mchenga tinaukweza m'malole kukamangira matauni. Wina anamanga khoma la miyala kuteteza kapinga wake, mafunde n'kungopatuka kukakumba kwa mnansi amene alibe ndalama ya khoma. Madzi opanda khwawa sabwerera komwe achokera. Amasema lina, ndipo posema safunsa kuti pano mpa yani.

Tikachoka pamadzi n'kuyang'ana zokhala m'madzimo, mwambiwu umayamba kupereka chiyembekezo chonama. Mpasa, sanjika ndi ntchila ndi nsomba za m'nyanja zimene zimakwera mitsinje kukaswa. Nazonso siziiwala khwawa. Mvula ikagwa zimalunjika ku Linthipe ndi ku Bua monga zinkachitira makolo awo. Kukhulupirika komweko ndi kumene kunazipereka, chifukwa msodzi amadziwa pozidikira. M'ma 1950 ntchila inali m'gulu la nsomba zogwidwa kwambiri m'dziko muno. Lero achinyamata ambiri a m'madoko sanaionepo. Mpasa umafuna miyala yoyera ya pansi pa mtsinje kuti uikire mazira, ndipo ukapeza matope ulendo wonse umapita pachabe. M'chaka cha 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu ina ya chambo pagulu la zamoyo zimene zili pafupi kutheratu. Koma pitani padoko m'mawa, pamene asodzi a chilimira akutsitsa usipa wa usiku, mukaone m'mphepete ana akukoka neti ya udzudzu yodzaza tinsomba tosaoneka ndi maso omwe. Mukafunsa, wina adzakuyankhani kuti nsomba n'za Mulungu, sizingathe, zapita kuya chabe, zibwera. Ameneyo akulankhula mwambi wathu womwewu m'mawu ena. Makolo omwe anatipatsa mwambiwu anatipatsanso wina wotsutsana nawo: madzi akatayika saoleka. Nzeru ili pa kudziwa kuti mwa miyambi iwiriyi, woyenera lero ndi uti. Msinkhu wa nyanja umapita n'kubwera. Mtundu wa nsomba ukapita wapita.

Chimene chimandivuta kwambiri ndi momwe mwambiwu umagwirira ntchito m'kamwa mwa amene sananyowe. Madzi atalowa m'nyumba za anthu mu 2024, ambiri akumtunda anangoti, "Anamangiranji pakhwawa?" Funsolo limaika m'thumba limodzi anthu osiyana kwambiri. Mwini nyumba yopumulirako kumapeto kwa sabata anataya khonde ndi maluwa, n'kubwerera kunyumba yake ina mumzinda. Mayi wogula usipa pabwato, kuuyanika, n'kukaugulitsa ku Kamuzu Road anataya pogona, pophikira ndi pogwirira ntchito tsiku limodzi. Iyeyo sanasankhe malo otsika chifukwa chokonda kuona dzuwa likutuluka. Msodzi sangakhale kutali ndi bwato lake, ndipo malo okwera a m'mbali mwa nyanja ambiri anatchingidwa kale ndi mipanda, njira zopita kumadzi n'kusanduka tinjira topanikizika pakati pa makoma awiri. Madzi akakwera, zimbudzi zokumba zimasefukira m'midzi yothithikana yomweyo, ndipo aliyense amene anaona kolera ya 2022 ndi 2023 m'maboma a m'mbali mwa nyanja amadziwa chotsatira chake. Tisaiwalenso kuti asodzi akale ankamanga zisakasa za udzu ndi bango, zoti nyanja ikasuntha nawonso n'kusuntha. Iwo mwambiwu ankaukhala, osati kuunena chabe. Chimene chinabweretsa kuiwala ndi maziko a simenti ndi pepala la umwini wa malo, zinthu zimene zimalonjeza kuti pamene pali pouma lero padzakhala pouma mpaka muyaya. Mwambi ukagwiritsidwa ntchito posamba m'manja, umaleka kukhala nzeru, umasanduka mwano.

Kumpoto kwa boma la Salima kuli malo amene amaonetsa mbali ina ya nkhaniyi. Chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, chakhala ndi malamulo akeake a usodzi kuyambira m'ma 1950. Mwezi wa Disembala asodzi onse amachoka pachilumbapo, nyengo ya mphenzi ndi namondwe, imenenso nsomba zimaswa. Mwezi wa Epulo anthu amasonkhana pagombe la Chikombe, mfumu n'kutsekulira usodzi pamwambo. Pachilumbapo saloleza mowa, chamba kapena juga, maukonde osayenera amalandidwa, ndipo wophwanya malamulo amathamangitsidwa. Zotsatira zake zimaoneka m'mabwato: utaka wa ku Mbenji umadziwika ndi kukula kwake, ndipo akatswiri a zausodzi amabwera kudzaphunzira kwa anthu amene sanadikire lamulo lochokera ku likulu. Si zonse za kumeneko zimene zilibe mafunso. Lamulo loletsa amayi kuponda pachilumbapo limawasiya akudikira kumtunda, pamene ntchito yaikulu yokonza ndi kugulitsa nsombazo ili m'manja mwawo, ndipo mwambo wamoyo suopa kufunsidwa za zotere. Koma phunziro lalikulu la Mbenji ndi lakuti utaka umabwerera chifukwa anthu amaupatsa miyezi yobwerera.

Apa ndi pamene kukumbukira kwa madzi kumasiyana ndi kukumbukira kwa anthu. Madzi savutika kuti akumbukire, amangotsata kutsetsereka. Kukumbukira kwa anthu n'kokwera chitunda. Kumafuna mfumu yokana ndalama ya wogula malo, komiti ya padoko yolanda neti ya mwana wa mlongo wake, mwambo wobwerezedwa chaka ndi chaka kuti wobadwa dzulo amve chifukwa chake. Ku Mbenji akanangokhala pansi n'kumati nsomba siziiwala kwawo, bwenzi pano pali miyala yokhayokha. M'nkhalango ya Thuma, kumapiri a kumadzulo kwa Salima, njovu zimene zinathawa zinabwerera pamene misampha inayamba kuchotsedwa ndi mitengo kutetezedwa. Kubwerera kulipo ndithu, koma kuli ndi mtengo wake, ndipo wolipira ndi amene amasamala pobwererapo.

N'chifukwa chake ndimakayika mwambiwu ukamanenedwa za munthu ngati chigamulo. Tikamati Amalawi ndi otero basi, adzamanganso pomwepo, adzadulanso bango, adzakokanso neti ya udzudzu, timakhala tikumutenga munthu ngati madzi, chinthu chopanda chifuniro chimene chimangogwera kotsika. Komatu munthu amatha kuima pakati pa chitsetsereko. Amatha kuona khwawa la atate ake n'kunena kuti ili lokha ayi. Chidakwa chija chimene ana amachiimbira mwambi chili ndi anzake amene analeka n'kulekeratu, kungoti za iwowo palibe mwambi wotchuka, chifukwa kugwa kumakoma kukamba kuposa kuima. Dziko limene limakhulupirira kuti khalidwe lake ndi khwawa losasinthika limapeza chifukwa chabwino chosachitira kanthu, ndipo limatcha ulesi wakewo nzeru za makolo.

Nyanja idzaphwanso. Kaya ndi m'zaka 5 kaya 20, mchenga wa Senga Bay, wa Lifuwu ndi wa Chipoka udzatambasukanso, woyera ndi wokopa monga unalili mu 1997. Kudzabwera munthu ndi galimoto ndi ndalama, amene madzi a 2024 sanawaone, ndipo adzapeza wina wokonzeka kumuloza malo. Zimene zidzachitike tsiku limenelo zikukonzedwa panopa. Mzere wa mamita 477 usamangokhala m'mabuku a ku likulu. Uzikidwe pansi ndi zipilala zooneka, m'mudzi uliwonse wa m'mbali mwa nyanja, kuti mfumu, khonsolo ndi wogula aziona chinthu chimodzi. Bango libzalidwenso pamene linatchetchedwa. Madoko a asodzi ndi njira zopita kumadzi zilembedwe kuti ndi za onse, ndipo osauka amene akuuzidwa kuti achoke kunsi apatsidwe malo kumtunda, osati mwambi. Ana a sukulu za kwa Maganga, kwa Kuluunda ndi kwa Ndindi atengedwe kukaona mizere ya pamiyala, aphunzire zaka zake monga amaphunzirira zaka za maulamuliro. Ndipo aliyense wofuna kukhoma chikhomo m'mbali mwa nyanjayi, asanafunse mtengo wa malo, ayambe wapeza gogo wa m'mudzimo, akhale pansi, apereke moni, n'kufunsa kuti: "Agogo, madzi a 1980 analekeza pati?" Akamuloza, amange kuseri kwa pamenepo.